Ntchito Yowerengera Mafunde

Moni kwa inu owerenga ndi nonse amene mwatchera khutu. Ndine mtsikana wa ku Msumba, ndangomaliza kalasi ya khumi.

Atate anali atagamula kuti sukulu yakwana, ndizithandiza amayi kuyanika usipa. Tsiku lotsekera, aphunzitsi a matematika anationetsa pa foni ntchito ina ya ku yunivesite yakunja. Ankafuna munthu amene anafika kale pa udokotala wa masamu, kuti azikafufuza mmene mafunde amayendera. Sabata yonse ndinkangoona manambala akuyandama pamadzi, ine ndili m'chipinda cha mawindo aakulu, choko chili m'manja.

Ndinawauza atate akusoka ukonde.

"Iwe, anthu amalembedwa ntchito yoyang'ana mafunde? Nanga ine zaka zonsezi anandiiwala bwanji?"

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati:

"Mwera ukamabwera, madzi amayamba kutukumuka mphepo isanafike. Ndimamva ndi mapazi m'bwato, koma chifukwa chake sindichidziwa. Anthu akowo angachidziwe?"

"Kaya, atate."

"Ndiye upite ku Metangula ukapitirize sukulu. Koma ine ndikukalamba, mwanawe, usachedwe nalo yankho."