Mazenera atatu, wopereka mankhwala mmodzi

Tsiku lomaliza kuwaona bambo anga ali moyo, anali pamzere wa mankhwala kuchipatala, ine ndili pambali pawo, akucheza ndi mayi wina wobereka mwana.

"Mazenera atatu, wopereka mankhwala mmodzi," anadandaula mayiyo. "Akatseka ndisanafike, mwanayu atani?"

"Muwoloka msewu mukagule kusitolo," anatero bambo.

"Ndi magalimoto amenewa? Mizere yowolokera anakaijambula kugeti la madokotala."

"Eya, anthu owoloka ali m'galimoto!"

Mayiyo anaseka mpaka mwana anadzuka.

"Mwandidzutsira bwana wanga, bambo."

"Ndiye ndilipire mlandu. Imani kutsogolo kwangaku, mayi."

"Nanga inuyo?"

"Anga ndi a shuga, tinazolowerana kalekale. Akatseka ndibweranso mawa. Mnyamata wangayu anasiya koleji, nthawi yondiperekeza ali nayo yambiri."

Linali Lachiwiri, pa 9 Meyi.