Anabweza Asilikali Opanda Penti

Ine, Amalia Tepox Cuautle, wa zaka 66, wokhala ku Santiago Mixquitla m'tauni ya Cholula, wogulitsa pamsika tamale, chakudya cha ufa wa chimanga chokulunga m'makoko, ndikunena izi:

Amuna anga ndi a Fidencio Xicale. Ankakonza mawotchi. Kwa zaka zoposa makumi atatu ankapentanso tiasilikali tamtovu, totalika ngati chala chaching'ono. Loweruka lililonse ankapita nato ku kalabu ku Puebla, komwe azibambo aimvi amayala timapiri tamapepala patebulo n'kumamenyanso nkhondo yakalekale ya pa 5 Meyi ndi madayisi ndi tepi yoyezera. Anzawo ankalimbirana mbali ya Mexico. Amuna anga ankatenga Afalansa, ati zovala zawo zimakongola ngakhale akuthawa.

Chaka chatha shuga anawalowa m'maso. Ntchito yawo yomaliza inali akuluakulu khumi ndi awiri a asilikali a Afalansa, aja amakhala pahatchi pafupi ndi mtsogoleri wa nkhondo, onyamula mapu ndi mauthenga. Ankawapenta mphuno itagunda galasi lokulitsa zinthu, ine nditawagwirira nyali. Anamaliza mu Novembala. Pofika Januwale sankaonanso ngakhale zenera. Zala nazo zinachita dzanzi. Komabe m'mawa uliwonse akamwa khofi ankaitanitsa bokosi, n'kumatenga msilikali mmodzimmodzi, kundiuza mtundu wa jekete, wa thalauza ndi wa chingwe cha paphewa, ngati sindinalipo pomwe ankapenta.

Pa 24 Epulo masana kunabwera a Gamaliel Rojano, mnzawo wa ku kalabu, amene amagulitsa matayala. Anati akufuna kubwereka asilikaliwo kuti akawaike pa chionetsero cha pa 5 Meyi, pamodzi ndi dzina la amuna anga. Amuna anga anandituma shati ya ku tchalitchi, anavala kuti angopereka bokosi.

Anati, "Uziwagwira kumapazi, Gamaliel, osati kumutu. Manja akowo ndi a girisi."

A Gamaliel anaseka n'kunena kuti, "Usadere nkhawa, compadre, m'bale wanga. Afalansa akowa akagonja ali oyera."

Tsiku la chionetsero linadutsa, bokosi osabwera. Ndinaimba foni kangapo, osayankha. Amuna anga ankati akamva galimoto panja ankakhala tsonga.

Pa 9 Meyi nditaweruka kumsika ndinakwera basi kupita ku shopu ya a Gamaliel. Ndinawapeza kuchipinda cha kumbuyo. Patebulo panali botolo la jamu lodzaza mankhwala ochotsera penti, atada ngati madzi otsukira mbale, pambali pake mswachi wakale. Asilikali anali atagonekedwa pa nyuzipepala, onse khumi ndi awiri ndi mahatchi awo, ali mbuu ngati misomali.

Ndinafunsa kuti, "Mwawatani?"

Anati, "Doña Amalia, khalani pansi kaye."

Ndinati, "Sindinabwere kudzakhala."

Anatsegula buku lalikulu la zithunzi za zovala za asilikali n'kundilozera. Anati, "Taonani nokha. Jekete imayenera kukhala ya buluu wakuda, iye anapaka wobiriwira. Mathalauza ofiira anatuluka ngati papaya. Golide wa chingwe cha paphewa anafika mpaka kukhutu. Anyamata a ku kalabu aja mukuwadziwa pakamwa pawo, akanamuseka Fidencio pamaso pa anthu. Ine sindikanalola. Ndiwapentanso ndekha monga bukuli likunenera, ndipo dzina likhala lake lomwelo. Iye sadziwa n'komwe. Saona."

Ndinayang'ana bukulo. Za mitunduyo sananame. Mathalauza aja analidi ngati papaya, ndinkawaona tsiku lililonse.

Ndinati, "Anakutumani ndani? Munthu wake anamwalira kuti muzimukonzera?"

Ndinafunsa ngati anawajambula asanawanyike m'botolomo. Anati sanaganize. Nanenso ndilibe chithunzi chawo. Ndinafunsa ngati anapita nawo ku chionetsero. Anati ayi, nthawi yowapenta inachepa.

Asilikaliwo ndinawakulunga mu apuloni yanga. A Gamaliel ananditsatira mpaka pamsewu akunena kuti, "Ndimafuna kumuthandiza, Doña. Ndi mnzanga." Sindinacheuke.

Nditafika kunyumba ndinawatsuka ndi sopo kuseri mobwerezabwereza kuti fungo lichoke, ndinawaumitsa padzuwa n'kuwabwezera m'bokosi, aliyense pamalo pake.

M'mawa mwake amuna anga atamwa khofi ndinawapatsa bokosilo. Anafunsa kuti, "Anthu anati chiyani?" Ndinati anthu anaunjikana. Anati, "Ndinadziwa."

Anatulutsa woyamba, amene hatchi yake inali yoyera kale, n'kumukwezera komwe amaganiza kuti kuli kuwala. Anati, "Nkhalamba yanga, taona kufiira kwa thalauzali. Ndinasakaniza mitundu itatu. Kukuonekabe?"

Ndinati kukuoneka.

Anamutembenuza m'manja. Kenako anamugunditsa pamlomo, monga amachitira ndi chinthu chomwe zala zalephera kumva. Anakhala choncho nthawi yaitali. Anati, "Akuzizira lero." Anamubwezera m'bokosi, n'kutseka osagwira enawo.

Dzulo a Gamaliel anabwera ndi maburashi atsopano ndi bukulo, ati ndiwalole amalize. Ndinawabwezera pageti pomwepo. Amuna anga anamva mawu awo ali m'nyumba. Sanafunse kuti ndi ndani.

Bambo wa polisi amene akulemba mawu angawa andifunsa chomwe chabedwa. Ndawauza kuti powerenga onse alipo, khumi ndi awiri, palibe wothyoka mwendo kapena lupanga. Ati ngati zili choncho mlanduwu ndi wovuta, ndipo ndaona kuti anzawo a pa tebulo linalo akubisa kuseka. Lembanibe. Andifunsanso ngati asilikaliwo angakonzeke kuti akhale monga analili. Wokonza wake ndi mmodzi. Ndamusiya kunyumba atakhala moyang'ana zenera, ndipo lero ndi tsiku lachinayi osaitanitsa bokosi.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Wosaina: Amalia Tepox Cuautle