A Zamkatimu ndi Mayeso a Pazenera

Malemu amene tabwera kudzawaperekeza lerowa anabadwa pa 11 Malichi 1958, ali mwana wachitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndaima panoyu ndine mlamu wawo. Mayi amasiyewa ndi alongo anga, ndinapondana nawo. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi, ndipo mundipirire ndikamapita pang'onopang'ono. Maso anga ambiri a inu mukuwadziwa, minibasi ndimaizindikira itandipitirira kale.

Sukulu anayamba mu 1965. Masamu sankawakonda, ndipo masamuwo nawo sankawakonda iwo. Koma aphunzitsi onse ankawatuma kulemba tsiku ndi mutu wa phunziro pa bolodi, chifukwa zilembo zawo zinkaoneka ngakhale kwa anyamata aja okonda kukhala kumbuyo kwenikweni. Anamaliza sekondale mu 1977.

Mu 1978 analowa ntchito pa kampani ina yosindikiza mabuku. Kumeneko anaphunzira kutola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi n'kumaziyala chobwerera m'mbuyo kuti zikadindidwa ziwerengeke bwino. Mu 1984 anakwatira alongo anga. Tsiku loyamba kufika kwathu, amayi athu anawatulutsira madzi ndi sopo poganiza kuti mlendoyu wagwa m'matope. Inali inki. Anasamba mwaulemu, inkiyo sinachoke, ndipo mukayang'anitsitsa chithunzi cha ukwati wawo muiona ili m'zikhadabo. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi pakati pawo.

Mu 1989 anaitanidwa kukagwira ntchito ku magazini ina ya nkhani za oimba, yotuluka mwezi ndi mwezi. Ntchito yawo inali kuyala masamba: chithunzi chikhale pati, mawu ayambire pati, mtundu ukhale wanji. Anzawo onse ankalimbirana chikuto, poti ndicho chimaonekera kutali. Malemu anasankha tsamba limene wina aliyense ankalithawa, lija mumapezapo mitu ya nkhani zonse ndi manambala a masamba ake, tsamba la zamkatimu. Ankati chikuto ndi chitseko chabe, koma tsamba limeneli ndiye munthu amene amakulandira n'kukulozera pokhala. Pasanathe chaka dzina lawo lenileni linaiwalika ku ofesiko. Kuyambira mkonzi mpaka mlonda wa pageti, onse ankangoti a Zamkatimu, ndipo iwo ankavomera mosangalala.

Anali ndi kagwiridwe kawokawo ka ntchito. Asanasankhe mtundu wa tsamba, ankayamba amvera kaseti ya woimba amene nkhani yake yakula mwezi umenewo. Nyimbo zikakhala za magitala olira kwambiri, tsamba linkafiira. Zikakhala zachifatse, linkabiriwira. Woimba wotchuka ndi woimba wongoyamba kumene ankawalemba ndi zilembo zofanana kukula, ndipo pa nkhani imeneyi anakanganapo ndi akonzi angapo. Alamu anga makani anali nawo, tisabise poti lero agona.

Mu 1997 ku ofesi kunabwera kompyuta, ndipo anaikonda ngati mwana wapatsidwa njinga. Mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho magazini inalemba koyamba za kwaya ya amayi imene alongo anga ankaimbamo, kakwaya kosadziwika kamene kankakonzekera nyimbo m'kalasi yobwereka. Malemu anafuna kuti tsamba la mwezi umenewo likhale losaiwalika. Analidetsa lonse ngati holo ya zoimbaimba magetsi atazimitsidwa, ndipo mitu ya nkhani ndi manambala anazilemba ndi buluu kuti ziziwala ngati nyali za pansanja. Pa galasi la kompyuta zinkawaladi, mpaka anzawo anaombera m'manja. Nthawi inali itatha, choncho sanadikire tsamba loyesera. Palibe anakumbukira kuti galasi lili ndi nyali kumbuyo kwake pamene pepala lilibe, ndiponso kuti pepala lotchipa limamwa inki. Magazini itatuluka ku makina, buluu uja anali atamira m'chakuda chija. Tsamba lonse linangoti bii.

Alongo anga anali atalengeza kale kwa anzawo kuti akwaya atuluka m'magazini. Anaitenga ili m'pulasitiki n'kukaitsegulira pamaso pa onse. Amayi anapatsirana, wina kuiyandikiza, wina kuitalikitsa. Mtsogoleri wa kwaya, mayi wachikulire, anaipendeketsa cha pakhomo, kenako anaibweza n'kunena kuti, "Mayi, kapena amuna anu atiiwala. Mwina sitinakwane." Nkhaniyo anaipeza pambuyo pake pongovundukula, ili chakumapeto, koma chimwemwe chinali chitazizira kale. Alongo anga atafika kunyumba anaika magazini pa tebulo n'kungoti, "Bambo, tandipezereni kwaya yathu pamenepa." Malemu anaiyang'ana, anapita nayo pazenera la kukhitchini, anaiyang'ananso. Sanaipeze, chonsecho anailemba ndi manja awo omwe. Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndipo sindinaonepo mwamuna wamkulu atagwidwa ndi manyazi chotero.

Kuyambira mwezi wotsatira anaika lamulo lawo. Tsamba la zamkatimu silinkapita ku makina lisanafike kunyumba. Ankalidinda pa pepala lomwelo la magazini, n'kubwera nalo kwa alongo anga, amene maso awo anali ovuta kuyambira pa utsikana, monga zilili m'mtundu mwathu. Ankawaimika pazenera lija, kuwavula magalasi, kuwapatsa tsamba kuti aligwire mkono utatambasuka, n'kuwatchulira woimba aliyense amene wabwera m'mutu. Akapeza nambala yake, tsamba lakhoza. Akachedwa, tsamba linkabwerera ku ofesi, ngakhale oyendetsa makina akhale akudikira. Ankakonda kunena kuti, "Sindiyalira tsamba munthu wa maso abwino. Ameneyo adzipezera yekha." Ndiwo zinapsererapo kangapo pa moto chifukwa cha mayeso amenewa, koma alongo anga sanadandaule. Ankati ndi ntchito yokhayo imene maso awo oipa anawapezera.

Mwana wawo wamkazi anakulira pansi pa zenera limenelo. Anakaphunzira ntchito yomweyi ku koleji, ndipo mu 2013 analembedwa ku magazini yomweyo. Malemu ananyadira mpaka kuuza ndi anthu a mu basi omwe. Koma awiriwa sankaona zinthu mofanana. Mwanayu ankakonda zamakono, tizilembo ting'onoting'ono totuwa ndi malo ambiri oyera. Tikakumana pa chakudya, nkhani inali yomweyo. Mwana ankati, "Adadi, tsamba lanu limakuwa." Iwo ankayankha kuti, "Lako limanong'ona, mwanawe. Munthu wagula magazini, ufuna achite kukupempha kuti ubwereze?" Ife tinkangoseka, poona kuti makaniwo ndi a mtundu umodzi.

Mu 2018 matenda a shuga, amene anakhala nawo zaka zingapo, anafika m'maso. Anayamba kusokoneza chofiira ndi chakuda, ndipo mizere inkawaonekera iwiriiwiri. Anapuma pa ntchito, ndipo mkonzi anapereka tsamba la zamkatimu kwa mwana wawo uja. Ndinene zoona pano, poti iwo bodza sankalikonda: zinawapweteka kwambiri. Malemu sanakwiyire mkonzi. Anakwiyira mwana wawo, ngati kuti wachita kuwalanda. Mwanayu ankabweretsa magazini mwezi uliwonse, koma inkangokhala pamwamba pa kabati osatsegulidwa. Ankacheza za mvula, za adzukulu, za mitengo ya zinthu, koma za tsamba ayi. Chimene chinkatidya mumtima m'banjamo n'chakuti bambo ndi mwana wake angadzasiyane asanamvane pa chinthu chimene onse awiri ankachikonda kuposa zonse. Ine ndinayesapo kuwalankhula. Anandiuza kuti, "Alamu, inu za masamba mukuzidziwira kuti? Imwani tiyi wanu."

Chimene malemu sankadziwa n'chakuti mwana uja sanasiye mayeso a pazenera. Ankalowera khomo lakumbuyo n'kupatsa amayi ake tsamba mwakachetechete, ndipo likalephera ankalikonza pang'ono chabe, mochita kuumira. Mu 2021 alongo anga anakawachotsa ng'ala kuchipatala, ndipo anabwerako akuona zinthu zimene anali atazisiya kalekale, kuphatikizapo imvi zanga. Mwezi wotsatira mwana anabwera ndi tsamba monga mwa masiku onse. Amayi ake anaima pazenera n'kuwerenga zonse, mpaka tizilembo ta pansi penipeni. Atatero anakweza mawu dala kuti amveke pabalaza pamene malemu anakhala. "Ine ntchito yandithera, ndikuona ndi nyerere yomwe. Wa maso oipa m'nyumba muno tsopano ndi abambo ako. Kawapatse."

Mwana anaima ndi pepala lake osadziwa kolowera. Kenako malemu anamveka akuti, "Bweretsa kuno." Asanafike anatinso, "Ayi, khala komweko, kuno kulibe kuwala." Anadzuka, anayenda chogwira khoma mpaka kukhitchini, n'kuima pamalo pamene kwa zaka zonsezo ankaimikapo akazi awo. Anatambasula mkono n'kuyang'ana nthawi yaitali. "Manambala ali kuti? Ine ndikuona utsi wokhawokha." Mwana anatuluka akulira, ndipo mwiniwake amati misoziyo inali ya mkwiyo. Koma m'mawa mwake anabweranso. Malo oyera aja anali atawasunga, poti amenewo ndiye ake, koma manambala anali akuda ndi onenepa, atakhala pa mzere wachikasu. Abambo ake anawapeza onse. Sanayamikire, poti sichinali chikhalidwe chawo. Anangofunsa kuti, "Mwezi wamawa mukulemba za ndani? Undibweretsere nyimbo zake ndimvere."

Zaka zitatu zomaliza za moyo wawo anazigwira pa ntchito imeneyi, ndipo ine sindinawaonepo ali osangalala chotero. Tsiku la mayeso ankasamba molawirira, kuvala malaya a kolala, n'kumafunsa ngati pageti pamveka munthu. Makangano sanathe, koma tsopano ankakanganira pazenera, mitu itagundana pa pepala limodzi. Ku ofesi anazolowera. Oyendetsa makina akalandira tsamba ankayamba afunsa kuti, "Kodi ladutsa kwa a Zamkatimu?"

Mu Meyi chaka chino impso zinayamba kuvuta, ndipo mu Juni anagonekedwa m'chipatala. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti bedi lawo likhale pafupi ndi zenera. Lolemba lapitali mwana wawo anabwera ndi tsamba la mwezi wamawa. Magazini yalembanso za kwaya ya amayi ija, imene lero mtsogoleri wake ndi alongo angawa. Malemu anali atafooka, maso atatsala pang'ono kutheratu. Tinawatsamiritsa pa pilo, mwana anawagwirira chigongono kuti mkono utambasuke. Anayang'ana, anayang'anabe. Ine mtima unandipweteka, ndinafuna kuwanong'oneza, koma alongo anga ananditsina. Kenako anati, "Kwaya ya amayi ako, tsamba 21." Anapuma pang'ono n'kupitiriza kuti, "Ngati ndaiona ine, aiona aliyense. Kadinde, mwanawe. Tsambali ndi lako, ndipo walikhoza kuposa ine." Mawu amenewo mwanayu anali atawadikira nthawi yaitali, ndipo tikuthokoza Mulungu kuti anawamva ndi makutu ake.

Anatisiya Lachitatu pa 3 Julaye 2024, ali ndi zaka 66, akazi awo ndi ana awo onse ali pambali pawo.

Asiya mayi a kunyumba, ana atatu, adzukulu asanu, mng'ono wawo mmodzi ndi alongo awo awiri. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, makamaka anamwino aja amene anakankha bedi kulifikitsa pazenera osafunsa chifukwa. Ndikuthokoza mkonzi ndi onse a ku magazini, oyendetsa makina amene anadikira zaka zonsezi mopirira, abusa, amayi a kwaya amene atiimbira chiyambireni zovutazi, anansi amene atiphikira ndi kutitungira madzi, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe.

Chomaliza ndi ichi. Pepala limene ndagwirali wayala ndi mwana wawo uja. Dzulo masana anabwera nalo kwa ine n'kuti, "Amalume, wa maso oipa watsala ndinu. Tiyeni pazenera." Ndinapita, ndinaima pamalo paja. Ndiye ngati munadabwa kuti mkulu ameneyu lero magalasi wawasiya kuti, ali m'thumba la jeketeli. Mbiri yonseyi ndawerenga popanda iwo, ndipo sindinaphonye mzere.

Alamu, ntchito yanu yatsala m'manja odziwa. Pitani bwino, a Zamkatimu, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendere.