Chikuta cha a Pang Dehai

Qiu Yawen atabwerako ku ulendo wa ku ntchito, anapeza mawindo a nyumba yawo ku Chongqing, m'dziko la China, ali chitsekere, dzuwa la Ogasiti likuswa mtengo. Pabedi panali mwamuna wake, Pang Dehai, atavala chipewa chaubweya ndi masokosi, thukuta lili kamukamu.

"Bambo a Nuonuo, mwadwala?"

"Ndili m'chikuta, lero tsiku la khumi. Tsekani chitsekocho, mphepo ingandilowe m'mafupa."

Zaka zisanu ndi chimodzi Dehai wakhala akupempha mwana wachiwiri, kuti Nuonuo asakule yekha ngati mmene anakulira iwo awiri. Yawen ankakanitsitsa kwamtuwagalu. Sanaiwale mwezi wake wa chikuta: osasamba, osatuluka, apongozi ali pakhomo ndi msuzi wa mapazi a nkhumba. Tsiku lina atatopa anangoponya mawu akuti Dehai akadzakhala yekha m'chikuta mwezi wathunthu, adzakambirana. Koma Dehai ndi munthu woti ukamuuza kuti dikira pano, mawa umamupeza pomwepo.

Tsono m'chikwama cha Yawen munali kapepala ka ku chipatala kamene kanamusowetsa mtendere ulendo wonse. Mantha anali nawo, chimwemwenso chinalipo, ndipo sankafuna kuuza nkhani yotere munthu wonunkha chonchi.

"Kasambeni kaye, ndili ndi mawu."

"Kwatsala masiku makumi awiri."

"Ndinkangonena ine!"

"Munanena. Amayi anamvanso. Msuzi akumabweretsa katatu pa tsiku."

Yawen analuma mlomo kuti asaseke, n'kumupatsa kapepalako. Dehai anatsinzina, n'kutembenukira kukhoma.

"Wa m'chikuta sawerenga. Maso amawonongeka."

"Mwabereka chiyani inu, a Pang?"

"Za kubereka simunatchule. Munati mwezi."

"Chabwino, ndikuwerengerani."

Dehai anakweza dzanja. Anati nayenso ali ndi mawu, ndipo wawaganizira masiku khumi akuyang'ana kudenga. Mutu ukuyabwa ngati mwalowa nyerere, msuzi uja akuulota, ndipo dzulo amayi ake anamulanda chivwende chili kale kukamwa, ati n'chozizira. Misozi inalengeza, koma anaibweza msanga, poti wa m'chikuta saliranso.

"Mayi a Nuonuo, munkanena zoona. Ine sindinabereke n'komwe, koma ndatheratu. Sindingalole kuti mudutsenso m'zimenezi. Mwana mmodzi watikwanira. Ndatsimikiza."

Yawen anamuyang'ana nthawi yaitali. Zaka zonsezi ankangofuna kumva mawu amenewa, ndipo abwera lero, nsomba itavunda kale. Anamukonda mwamunayo, fungo ndi chipewa chomwe. Anatsegula mawindo onse, n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Mwachedwa ndi miyezi iwiri, bambo. Wachiwiriyo afika mu Malichi."

Dehai anatsegula diso limodzi. "Ndiye chikuta chija?"

"Musachivule chipewacho, mwachizolowera kale. Mu Malichi mudzagonanso inu. Ine ndizidzasamba."