Funso lomwe linapulumutsa Tadala wanga

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndine mayi wa ana atatu wa ku Chisepo, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za matenda a m'mimba omwe anatsala pang'ono kundilanda mwana wanga Tadala, wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Zinayamba nyengo yosoka fodya. Kabudula wake wam'kati ankapezeka ndi chimbudzi chamadzimadzi tsiku ndi tsiku, mpaka anzake kusukulu anayamba kumuthawa. Kuchipatala chathu chaching'ono ankatiwerengera mafunso a papepala olembedwa m'Chingerezi, wowerengayo akumasulira pomwepo. Akafunsa ngati mwana akutsegula m'mimba ndinkavomera, poti n'zomwe ndinkachapa. Funso lina linali lakuti kodi chimbudzi chake chimatseka paipi. Paipi iti, kwathu kuli chimbudzi cha dzenje? Tinkabwerako ndi madzi a mchere ndi shuga, mwana osasintha.

Mimba inafufuma n'kuuma gwa. Anasiya kudya, kenako anayamba kusanza. Apongozi anga anati mwanayu walodzedwa, ndipo bambo ake analamula kuti likafika Loweruka tikamutemetsa mphini kwa sing'anga. Ndinagwada m'chigafa, fodya ali lende pamutu panga, mawu opempherera atandithera. Ndinangoti, "Ambuye, tionetseni chomwe chili m'mimbamu."

Lachisanu ndinamuberekanso ulendo wa kuchipatala. Tinapezako namwino wachilendo wochokera ku Ntchisi. Iye ndi anzake anali atalembanso mafunso aja m'Chichewa, ndipo ankayesa ngati amayi akumudzi tikuwamva.

"Mayi," anandifunsa, "kodi mwanayu amabisala kuseri kwa nyumba n'kupanikiza miyendo, ngati akuletsa chinachake?"

Ndinkamuona akutero, ndipo kangapo ndinamukwapula poyesa kuti n'chibwana.

Namwinoyo anagwada n'kumuonetsa Tadala zithunzi za mitundu ya chimbudzi, nati aloze chonga chake. Mwana analoza timibulu touma ngati ta mbuzi, n'kunong'ona kuti, "Zimapweteka, ndiye ndimaopa kubiba." Sanakumbukire n'komwe tsiku lomwe anadzithandiza komaliza.

Adokotala atamugwira pamimba anati sikutsegula m'mimba ayi, koma kudzimbidwa koopsa. Chimbudzi chinauma m'matumbo, zamadzizo zinkangodutsa m'mbali. Anatitumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, ndipo njira yonse ankasanzira pachitenje changa, maso atalowa m'kati. Tinagonekedwa masiku anayi. Tsiku lachitatu mimba inaphwa, Tadala n'kupempha mbatata yootcha. Bambo ake anatuluka panja kukalira.

Lero akumwabe mankhwala ofewetsa m'mimba, koma wabwerera kusukulu. Ndikuthokoza Mulungu, yemwe anandiyankha kudzera m'funso lofunsidwa m'chilankhulo cha pakhomo panga. Inu amene mukudwazika, musatope kugwada. Ndipo akakufunsani zomwe simunamve, musangovomera mwaulemu. Nenani kuti, "Pepani, ndifunseninso."