Buku la Mkwatibwi wa Loweruka

Pasiteji ya Chintheche minibasi inali isanadzaze. Mayi wina ankadandaulira bambo yemwe anangokhala naye pabenchi.

"Ada, mphatso yanga yasokoneza ukwati wa mwana wanga. Mzungu anasiya buku kuloji komwe ndimachapa. Pachikuto pali mtsikana wovala zoyera. Ndinati n'lachikondi, n'kumupatsa mwana wangayo, Watipaso."

"Silinali lachikondi?"

"Chikondi chilimo. Koma akuti mwamunayo ndi wofedwa, ndipo malemu mkazi wake amayendabe m'nyumbamo."

"Ama, mabuku amenewo ndinaphunzitsako. Achikondi ndi oopsawo ndi a bere limodzi. Olemba ake akalewo ankangofuna mtima ugunde, kaya ndi chikondi kaya ndi mantha. Muuzeni n'zopeka."

"Zopeka? Mkamwini wanganso ndi wofedwa. Mwana atawerenga anafunsa ngati abale a malemu mkazi wake anamusudzula."

"Amenewo ndi mantha chabe."

"Ifenso tinaseka. Kenako amalume a Watipaso anakafunsa ku Kande, kwawo kwa malemuyo."

"Ndiye?"

"Sanamusudzule, ada. Kumeneko akadali mwamuna wa mwana wawo. Ukwati ndi Loweruka."

"Mayo. Nanga bukulo limatha bwanji?"

"Ndimawerenga Chingerezi ine? Watipasoyo akukana kundiuza."