Madzi a ku Damu la Mgodi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine mowa sindinamwepo. Tchimo langa linali kutaya mtima.

Ndinabwera kudziko lino kuchokera ku Ntcheu ndi amuna anga, aPhiri, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ankagwira ntchito pa mgodi wa golide kufupi ndi Battlefields, mbali ya ku Gatuma, kumene lero mukuti Kadoma. Tinkakhala m'komboni ndi mwana wathu mmodzi, Esinati.

Chifuwa cha mgodi chinawadya aPhiri pang'onopang'ono mpaka anatisiya. Titaika maliro, alamu anga anandipatsa kachipinda kuti ndisathamangitsidwe m'komboni. Iwo ankalowa pansi mumgodi m'mamawa, kutuluka madzulo.

Ine ndinangogwa pamphasa. Dzuwa linkafika pamutu ndili chigonere. Kusesa ayi, kuchapa ayi. Sadza, nsima ya kuno, ndikaphika, losapsa. Kutchalitchi kunkapita thupi lokha. Mumtima ndinkati, "Mulungu watenga wanga. Ndivutikirenji?"

Esinati anali kamwana kosayamba sukulu. Ankadzisambitsa yekha. Ine osalabadira.

Tsiku lina kunatentha koopsa, mtsuko uli wouma. Ndinangodandaula ndekha kuti, "Ludzu ili!" n'kutembenukira kukhoma.

Mpopi unali kutali, kutsidya kwa komboni. Koma kuseri kwathu kunali damu lotayiramo madzi ochokera kuchigayo cha miyala. Madziwo anali ndi poizoni wotsukira golide. Mayi aliyense ankamuchenjeza mwana wake za damulo. Ine wanga ndinali ndisanamuuze. Ndikanamuuza liti, poti sindinkayankhula naye?

Patapita nthawi ndinamva kamawu pakhomo: "Amayi, madzi awa."

Anali atasenza chitini. Pochitula anapunthwa, madzi ena n'kutayikira pansi. Nkhuku ya alamu inathamangira pomwepo n'kuyamba kumwa. Ine ndinalandira chitinicho. Chinali chitafika pafupi ndi milomo yanga pamene nkhuku ija inadzandira. Inakupiza mapiko, n'kugwa chagada, miyendo n'kuwongoka. Basi, zii.

Ndinaika chitini chija pansi.

"Esinati, madziwa watunga kuti?"

"Kudamu, amayi. Kumpopi akuluakulu amandikankha."

"Wamwako?"

"Ayi. Ndimafuna muyambe ndinu. Mumati muli ndi ludzu."

Abale, ndinakuwa mokweza kuposa tsiku la maliro. Mwana wayenda padzuwa lotere, kukhosi kuli gwa, madzi ali pamutu, osalawako ngakhale dontho. Ndani anatseka pakamwa pake? Ndani anamupunthwitsa pakhomo paja? Si ine. Ine ndinali ndikugona.

Anachisale, mayi wa mumpingo mwathu amene tinayandikana nyumba, anathamanga. Ataona nkhuku ndi chitini, anamunyamula mwana, kumuvula, kumusambitsa ndi sopo thupi lonse. Kenako anabwera kwa ine. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Anangondigwira mapewa n'kunena kuti, "Amake Esinati, aPhiri tinawaika. Inu sitinakuikeni. Tsiku limene Mulungu wakudzutsani ndi lake. Musamubwezere theka."

Ndinagwada pafumbi pomwepo. Mawu opempherera ndinalibe. Ndinangoti, "Yesu, ndikhululukireni. Ndidzutseni."

M'mawa mwake ndinatenga tsache. Ndinasesa bwalo lonse, mpaka kuseri kumene sikuoneka. Ndinakaima pamzere kumpopi. Ndinamupesa mwana wanga tsitsi, misozi ikugwera pamutu pake. Chisoni sichinathe tsiku limenelo, musaganize choncho. Masiku ena mphasa inkandikokabe. Koma ndinkapemphera, "Ambuye, mphamvu ya lero lokha," n'kudzuka.

Pambuyo pake tinasamukira papulazi ina, famu ya mzungu, kufupi ndi Hatile, imene lero ndi Chegutu. Ndinkapalira chimanga. Malipiro anali ochepa, kapitawo wankhanza, ndipo zimenezo Mulungu adzaweruza yekha. Anzanga ankandiseka: "Ukudziphera chiyani? Munda ngwa mzungu uwu." Ndinkawayankha kuti munda ngwake, koma manjawa ndi a Ambuye. Mzere wa kumunda, mbale zotsuka, nyimbo ya kutchalitchi, mwana wodwala wa mnzanga, zonsezi ndinaphunzira kuzichita ndi mtima wonse.

Esinati ali moyo. Ali ku Pfupajena, ku Chegutu komweko, ndi zidzukulu zake. Ndikazilankhula m'Chichewa zimandiyankha m'Chishona, ine n'kumaseka. Ndikaziyang'ana ndimakumbukirabe kuti zonsezi zikanathera m'chitini chimodzi.

Alemekezeke Mulungu amene sagona. Iye sanandikonde mwatheka. Anapereka Mwana wake yense.

Kodi alipo pano amene manja ake alefuka? Amene akungokankha masiku? Musadikire chokudzidzimutsani ngati changa. Bwerani kutsogolo kuno. Ndakalamba, koma mawondo anga akupindikabe. Tigwade limodzi.

Amen.